Amayi aziuzidwa za mkono asanachotsedwe bere

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za opaleshoni ya khansa ya m'mawere. Amayi ambiri amapita ku fiyeta akudziwa zoti bere lichoka, koma za mkono wa mbali imeneyo samva kalikonse, pamene mavuto okhalitsa amabisala kumeneko.

Si khansa iliyonse imafuna kuchotsa bere lonse. Chotupa chikakhala chaching'ono ndiponso pamalo amodzi, dokotala atha kuchotsa chokhacho ndi kamnofu kochizungulira, kenako mayi n'kulandira radiotherapy, chithandizo chopha khansa ndi cheza champhamvu chochokera m'makina. Khansa ikapezeka msanga, njirayi imapulumutsa moyo mofanana ndi kuchotsa bere lonse, koma radiotherapy isaphonyedwe. Chotupa chikakula kapena zikakhala zingapo, bere limachoka lonse. Kudula ndi minofu ya pachifuwa yomwe, monga ankachitira dokotala wa ku America William Halsted m'ma 1890, masiku ano n'kwa apo ndi apo.

Funso lofunika kufunsa n'lakuti: anabere a m'khwapa muchotsa angati? Pena amachotsa 1 mpaka 3 kuti akawapime, pena ambiri. Akachoka ambiri, madzi a m'thupi amasowa podutsa ndipo mkono umatha kutupa, ngakhale patapita zaka. Mphete ikayamba kuthina kapena mkono kulemera, osadikira.

Mayi amatuluka ndi kapaipi kotulutsa madzi pabala. Madziwo aziyezedwa ndi kulembedwa tsiku lililonse. Nthawi zambiri kapaipiko amakachotsa pakatha sabata 1 kapena 2, madzi akatsika kufika pa mililita 30 patsiku. Madzi akaunjikana pansi pa khungu pambuyo pake, azachipatala amawapopa ndi jakisoni, osawafinya kunyumba. Bala likafiira, kutentha, kutuluka mafinya, kapena thupi likatentha kupyola madigiri 38, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Dzanzi la m'khwapa ndi m'kati mwa mkono lisakuopseni, ndi kamtsempha kamene kamakhudzidwa podula.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa: poopa kuti bala ling'ambika, amaupanira mkono m'nthiti, achibale nawonso n'kumawaletsa kuugwedeza. Mapeto ake phewa limauma mpaka kupesa tsitsi kumakanika, ndipo pa radiotherapy pamafunika kugona mkono uli pamwamba pa mutu. Kuyambira tsiku lotsatira, mayi azifumbata ndi kutambasula zala, kupinda chigongono ndi kuzunguza mapewa, osakweza mkono kupitirira phewa. Kapaipi kakachoka, dokotala atavomereza, aziima moyang'ana khoma n'kumakweza zala ngati kangaude, pang'onopang'ono, kangapo patsiku. Zolemera asanyamule kwa masabata 4 mpaka 6.

Bere loyikirira la silikoni (zinthu zofewa zonga labala) limavalidwa bala likapola, pakatha masabata 6 mpaka 8. Asanafike pamenepo, lansalu yofewa ndi lokwanira. Wofuna kuti amupangire bere lina, ndi silikoni kapena mnofu wa pamimba kapena kumsana, anene opaleshoni isanachitike, chifukwa zimasintha mmene dokotala angadulire khungu.

Wogwira ntchito zachipatala