Za chifuwa cha mdzukulu wanga

Mwana wanga,

Azakhali ako afika dzulo kuchokera ku Lilongwe, ndipo asanamwe n'komwe madzi andiuza kuti mwana wayambanso kutsokomola, kachitatu chiyambire Meyi. Akuti wagula timapiritsi ta zinki ku famase, ndiye mtima wako wakhala pansi. Ine usiku wonse tulo osabwera.

Zinki sindikumukana ayi. Zaka zija ndinkathandiza kusikelo tinkapatsa mwana wotsegula m'mimba pamodzi ndi Thanzi ORS: piritsi la mamiligalamu 20 tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, theka lake ngati sanakwane miyezi 6. N'zoonanso kuti mwana amene sakusowa zinki m'thupi sagwidwagwidwa chibayo. Ana athu ambiri amamusowa, chifukwa phala la mgaiwa lokhalokha limatchinga zinki kuti asalowe bwino m'thupi. Koma zinki ndi mpanda, mwanawe. Fisi akalowa kale m'khola, mpanda sumutulutsa.

Mlongo wako anali ndi miyezi 9, mu Juni ngati muno. Masiku atatu ndinkangoti n'chimfine, n'kumamufunditsa chitenje. Usiku wachinayi ndinamuvula kamalaya, ndinaona pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya. Bambo ako anatikweza panjinga mumdima, tochi ali nayo kukamwa. Namwino anandiyang'ana kamodzi kokha, osayankhula. Mpaka lero ndimaiona nkhope ija. Mwana anachira, koma osati chifukwa cha nzeru zanga.

Ndiye mvera. Akakhala phee, muvule malaya, uwerenge kupuma kwake kwa mphindi yathunthu. Wazaka ziwiri ngati iyeyo akafika 40, kapena nthiti zikamalowa, kapena akakana kumwa, nyamuka. Usadikire bambo ake aweruke, usadikire malipiro. Nyamuka basi. Timapiritsi takoto ukationetse kwa adokotala, ndi iwo akuuze muyezo, osati mnzako wa pa WhatsApp uja. Usamumwetse ndi njala, amasanza.

Nanga mbaula ija ukuphikirabe m'nyumba, zitseko zotseka, mwana ali kumsana? Ndinakuuza pa Khirisimasi, unangoseka. Utsi umenewo ukupita kuti? Kuyambira uli wamng'ono ndiwe wosamva, koma ndikudziwa kuti mwanayo umamukonda, ndinaona mmene umamupukutira mamina ndi chala.

Ndapatsira azakhali ako mtedza, nthanga za maungu ndi usipa. Usipawo usinje, uzithira kasupuni m'phala pamodzi ndi nsinjiro. Dzira likapezeka, kachiwindi kakapezeka, ayambe iye kudya, akuluakulu pambuyo. Buku lake la sikelo ulitsegule uone ngati katemera wa chibayo analandira katatu konse.

Werenga kupuma, ndanena. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi undiimbire, foniyo uyiike pafupi ndi kamwa pake ndimumve ndekha.

Ndine mayi ako.