Za liwu lakuti motto pa chikwangwani cha sukulu yako

Mwana wanga wokondedwa,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti sukulu ya mkaka ija uitsegula ku Luchenza mwezi wamawa. Kuno ku Chitakale tonse tili bwino. Wandifunsa za liwu la Chingerezi lakuti motto, limene wolemba chikwangwani akuti lisasowe pansi pa dzina la sukulu, ndipo ndikuyankha monga munthu amene wagwira choko zaka zambiri.

Liwuli Angerezi analibwereka ku Chitaliyana m'zaka za m'ma 1500, ndipo kwawoko limatanthauza mawu achidule. Limalembedwa ndi t awiri, ndipo umuyang'anitsitse wolembayo, chifukwa akasiya mmodzi, anthu adzawerenga moto wophikira nsima. Motto ndi mawu ochepa amene munthu, banja, sukulu kapena dziko limasankha kuti aziwongolera zochita zake. Tayang'ana pa chikuto cha pasipoti yako. Pa chizindikiro cha boma, chimene tinayamba kugwiritsa ntchito mu 1964, mkango ndi kambuku zaima pa phiri lathu lomweli la Mulanje, ndipo pansi pake palembedwa kuti Unity and Freedom, kutanthauza umodzi ndi ufulu. Imeneyo ndiyo motto ya dziko lathu.

Pamene ndikufuna umvetsetse ndi apa. Ambiri amasokoneza motto ndi slogan. Slogan ndi mawu okopa ogula, amene wamalonda amawasintha malonda akavuta, pomwe motto imamanga mwini wake amene waisankha. Ukalemba kuti mwana aliyense ndi wofunika, kholo limene lachedwa kulipira fizi chifukwa kuesiteti sanalandire lidzaima pansi pa mawu omwewo, mwana ali kumsana, kudikira kuti lione ngati unanena zoona. Ine ndaona zipata zambiri zolembedwa mawu akuluakulu a Chingerezi ndi Chilatini amene ngakhale aphunzitsi ake sankatha kuwamasulira, ndipo zinkandiwawa mtima kumva ana akuwaloweza m'mawa uliwonse osadziwa chimene akulonjeza.

Choncho usatengere za pa chipata cha mnzako. Sankha mawu osapitirira anayi, amene iweyo ungawasunge ngakhale m'mwezi wa Januwale pamene ufa watha m'nyumba zambiri ndipo fizi ikubwera modukizadukiza. Ndikupemphanso kuti uwalembe m'Chichewa, pakuti makolo ambiri amene adzakubweretsera ana ndi othyola tiyi ndi ogulitsa pamsika, ndipo ayenera kumva okha chimene wawalonjeza popanda wowamasulira. Ngati ukufuna Chingerezi, chikhale pansi pake ndi zilembo zazing'ono.

Umuuze wolembayo adikire kaye. Unditumizire ma motto atatu amene waganiza, kuti ine ndi amayi ako tiwaone Lamlungu tikachoka kutchalitchi. Iwo akupereka moni, ndipo akuti akusungira zinanazi.

Ndine,
Bambo ako