Pempho kwa a kwathu nonse: tithandizeni ana azisewera mpira osakomoka pa galaundi

Moni akuluakulu, abale ndi alongo a kuchigwa kuno, komanso inu amene munachoka kalekale muli ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Tete kaya ku Johannesburg. Tikulemba ndife a komiti ya sukulu ya pulayimale ya m'mudzi mwathu kuno kudera la Ngabu, limodzi ndi amayi a mother group komanso aphunzitsi oyang'anira zamasewero. Amfumu nkhaniyi akuidziwa, ndi iwo amene anati lembani anthu amve.

Poyamba tithokoze chifukwa simunatitaye. Majezi munatumiza, mipira inabwera, ena mpaka chikho. Koma ulendo uno sitikupempha jezi ayi, chonde musakhumudwe. Jezi imakoma pa chithunzi, mwana akavala amadzimva ngati wa Flames, koma akagwa pa galaundi dzuwa lili paliwombo jezi ija sithandiza kanthu. Tikusowa madzi akumwa pabwalo, mthunzi, bokosi la first aid lomwe mkati mwake muli zinthu, ndipo koposa zonsezi anthu odziwa chochita mwana akavulala.

A kuno simufunika kuuzidwa za kutentha. October ndi November kumapyola madigiri 40, mchenga kuwotcha mapazi, mbuzi zomwe kubisala pansi pa nkhokwe. Ndiye mpira wa masukulu umayamba cha m'ma 2 koloko poti timu yochokera kutali iyenera kubwerera kusanade, ndipo anawo afika atayenda wapansi, ena m'mimba muli phala lam'mawa lokha basi. Mjigo wapafupi ndi bwalo madzi ake ndi amchere monga ilili mijigo yambiri kuno, ana amangochukucha mkamwa n'kulavula. Temu yathayi mnyamata wina wa sitandade 7 anayamba kudzandira mpira uli mkati, kuyankhula zosamveka, anthu kumaseka eti waledzera, kenako khuu pansi. Pomwepo chipwirikiti, ena akuti timu inayo yamuchita zamankhwala, wina akufuna kumuthira madzi mkamwa munthu ali chikomokere, wina wathamangira Panado ku hokala. Mwayi wake panali bambo wina wa zaumoyo amene anabwera kudzangoonera mpira. Anamunyamula kupita naye pansi pa mtengo wa nimu, kumuvula jezi ndi sokosi, kumuthira madzi thupi lonse, amayi akumukupiza ndi zitenje, ndipo atayamba kutsitsimuka m'pamene anamukweza pa njinga yamoto kupita kuchipatala. Mwanayo ali bwino, ali m'kalasi.

Atabwerako bambowa anatikhazika pansi a komiti, ndipo zimene anatiuza zinatiopsa. Thupi likatentha kupyola madigiri 40 munthu n'kuyamba kusokonezeka mutu, ubongo ndi impso zimatha kuwonongeka ndipo munthu atha kufa, ndiye chofunika ndi kumuziziritsa pompopompo, osadikira kufika kuchipatala kaye. Panado sachotsa kutentha kwa mtundu umenewu. Wokomoka sapatsidwa chakumwa, amatsamwa. Koma amene wangofooka, akumva chizungulire kapena minofu ikukokana koma akuyankhula bwinobwino, ameneyo akhale pamthunzi azimwa Thanzi ORS pang'onopang'ono, ndipo ikasowa mutha kusungunula masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Anatiuzanso kanthu kosavuta koti tiziphunzitsa ana, kuti mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri komanso wochepa ndiye kuti m'thupi mwachepa madzi, amwe asanalowe m'bwalo. Tangoganizani, tsiku lija bambowa akanapita kumsika bwenzi tikunena zina.

N'chifukwa chake pempho lathu loyamba, lomwe tikuliika patsogolo pa zonse, ndi maphunziro. Tikudziwa kuti mwa ana a kuchigwa kuno muli anamwino, makiliniko ofisa, ena ndi a physio (othandiza ovulala minofu ndi mafupa kuti ayambenso kuyenda bwino), ena munaphunzira first aid ku Red Cross. Mukabwera ku holide tipatseniko masiku awiri okha muphunzitse aphunzitsi athu, amayi a mother group, makochi a matimu a m'midzi ndi ana akuluakulu angapo. Pogona tikonza, nsima ya mapira ipezeka, mbuzi tipha. Tikufuna aphunzire ngakhale kutsindika pachifuwa munthu mtima ukaima. Okonda mpira mukukumbuka Marc-Vivien Foé wa Cameroon amene anagwa m'bwalo ku Lyon mu 2003 n'kumwalira, ndiponso Christian Eriksen wa Denmark amene anagwa ku Copenhagen mu 2021 koma anapulumuka chifukwa anayamba kumutsindika pachifuwa (CPR) nthawi yomweyo ndipo makina odzutsira mtima anali pafupi. Makinawo ife sitikulota n'komwe, koma manja tili nawo, angofunika kuphunzitsidwa.

Nkhani ina ndi ya kubinya, imeneyi ndiye ya sabata ndi sabata. Bwalo lathu silinabwerere mwakale chidutsireni namondwe Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023, madzi anasiya mchenga mbali ina, mbali ina anakumba, mitengo ingapo yomwe tinkakhala pansi pake inapita. Kuwonjezera apo ng'ombe zimadutsa pomwepo nthawi ya matope, ziboda n'kusiya timaenje tomwe tikauma timalimba gwa, mwana akuthamanga osavala nsapato phazi kulowa m'menemo basi wabinya. Ndiye kunyumba timachita zomwe tinazolowera, kuthowa ndi madzi otentha tsiku lomwelo, kukoka mwendo mwamphamvu kuti ati ubwerere m'malo, ena kutema mphini. Achipatala akuti masiku oyambirira kutentha ndi kutikita kumangowonjezera kutupa. Chofunika ndi kupumitsa mwendo, kuikapo ayisi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 kapena 20, kumanga bandeji mosathinitsa n'kuukweza m'mwamba. Ndipo ngati mwana akulephera kuponda ngakhale pang'ono, kapena mwendo wapindika modabwitsa, osakoka ayi, mwina fupa lathyoka, amangidwe ndi kathabwa apite kuchipatala akaunikidwe, kaya amuika chikhakha kaya ayi akaona ndi madokotala.

Ayisi kuno si wovuta kwambiri monga mungaganizire, amayi ogulitsa mafirizesi a malambe pa trading amatha kutiumitsira madzi m'timapepala. Vuto ndi poti akafika ku galaundi wasungunuka. Ndiye tikupempha kulaboksi imodzi kapena ziwiri. M'bokosi la first aid mukhale mabandeji, pulasitala, thonje, magulovesi, sizasi, mankhwala otsukira pabala, sopo ndi mapaketi a Thanzi. Zotsukira pabalazi musazione ngati zazing'ono, bwalo lili ndi minga komanso ndowe za ng'ombe, ndipo kafumbata amalowera pa bala lakuda ngati limeneli, pomwe ana athu akadzicheka amangowaza dothi kuti magazi asiye n'kupitiriza mpira. Tikufunanso zigubu kapena mabigiri okhala ndi mpopi okwana anayi, makapu, ndi mankhwala othira m'madzi, kuti tizitunga ku mjigo wa madzi okoma ngakhale uli patali. Machila tisoka tokha tikapeza lona yolimba.

Ife sikuti tangokhala chete kudikira. Tagwirizana ndi ahedi kuti miyezi yotentha masewero azichitika m'mawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo chigawo chilichonse mpira uziima kaye ana amwe madzi. Ena ankati mukuwafewetsa anawa, ife kale tinkasewera osamwa. Chabwino, koma ngakhale ku World Cup kukatentha kwambiri lefa amaimitsa mpira osewera amwe madzi, nanga ana a sitandade 5 ndiye alimba kuposa amenewo? Tagwirizananso kuti mwana akagundana mutu ndi mnzake n'kuoneka wozunguzika, kusanza kapena kuiwala zomwe zachitika, atuluke ndipo tsiku limenelo asabwererenso, kaya ndi wogoletsa zigoli wathu kaya ndi fainolo. Apa tikudziwa tidzakangana ndi masapota, takonzeka. Mphunzitsi wathu wina anaona pa intaneti ndondomeko yotenthetsera thupi ya FIFA 11+, imatenga mphindi pafupifupi 20 ndipo sifuna zipangizo zodula, ndiye amene mukuidziwa bwino mudzatiwongolere, atsikana a netibo nawonso aziichita poti mawondo ndi akakolo amawavuta kwambiri podumpha ndi kuima mwadzidzidzi.

Za bwalo ntchito tigwira tokha, amfumu alonjeza kuti mudzi utuluka. Tingofuna mawilibala, mafosholo ndi mareki, komanso mbande za nimu zoti tidzale mvula ikayamba, ndi waya kapena chilichonse chotchingira poti mbuzi za kuno sizisiya kanthu. Mitengo isanakule timanga chisakasa cha udzu, mapolo tili nawo, misomali tilibe. Atsikana apemphanso kachipinda kosinthira ndi mapadi, chifukwa ena amasiya kubwera ku netibo masiku amene ali kumwezi, kenako n'kusiyiratu.

Pali kagulu kenanso komwe kayamba kugwiritsa ntchito bwaloli m'mamawa, amayi ndi abambo amene anawapeza ndi BP kapena shuga, amazungulira galaundi dzuwa lisanatuluke. Poyamba anthu ankawaseka kuti munthu wolima thonje ndi chitowe angafunenso majowajowa a chani. Zoonadi wolima tsiku lonse thupi limagwira ntchito mokwanira, koma si tonse tikulima masiku ano, ena timakhala mu golosale kuyambira m'mawa mpaka usiku, ena pa njinga yamoto, ena pa bawo. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu azipeza mphindi zosachepera 150 pa sabata zoyendetsa thupi, ana mphindi 60 tsiku lililonse. Kaguluka kakupempha kamakina koyezera BP ka mabatire, kazikhala ndi a zaumoyo a m'dera lathu kuti aziwayeza, ndipo tawauza kale kuti kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala, azimwabe monga anawauzira kuchipatala.

Amene mukufuna kuthandiza, bola katundu kusiyana ndi ndalama, tinene mosabisa. Tonse tikudziwa mmene nkhani za ndalama zimadanitsira anthu m'makomiti. Mukagula ku Blantyre kapena pa Nchalo mutha kupatsira munthu wobwera kuno, adzasiye ku ofesi ya ahedi, tidzalemba m'buku pamaso pa amfumu ndi amayi a mother group, chithunzi tidzakutumizirani pa WhatsApp. Ngati mwasankha kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba tilembereni kaye tikuuzeni njira yake, musatumize pa nambala ya munthu aliyense amene angakuimbireni m'dzina la komiti, ndipo malisiti a zomwe tagula tidzawawerenga pa msonkhano wa makolo. Chilichonse chomwe chibwere sichikhala cha sukulu yathu yokha, matimu obwera kudzasewera kuno adzamwa madzi omwewo ndi kumangidwa bandeji yomweyo.

Tikufunitsitsa kuti maphunziro aja ndi zigubu zikhale zitatheka kutentha kwa October kusanafike, zinazo zitha kubwera pang'onopang'ono. Anamwino ndi a physio amene mungathe kubwera tiuzeni msanga mwezi wake kuti tiuze masukulu oyandikana nawo atumize aphunzitsi awo. Mugawireko ena uthengawu, makamaka ana a kuno amene ali kutali.

Zikomo kwambiri, takhuta.

Ife a komiti ya sukulu, m'malo mwa makolo ndi mudzi wonse.