Ndimamupempherera mwana wanga, koma sindidziwa kumumvetsera

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 41, ndimagulitsa tomato ndi ndiwo zamasamba pamsika wa Kapata kuno ku Chipata, ndipo ndili m'Chigwirizano cha amayi kumpingo kwathu. Ndakulemberani chifukwa cha mwana wanga wachisamba, mtsikana wa zaka 14, amene masiku ano amangoti zii ndikalowa m'nyumba.

Chimwalirireni bambo ake mu 2021, sindinaphonyepo kudzuka mbandakucha kuti ndigwade ndi kutchula ana anga atatu mayina pamaso pa Mulungu. Ndinkaganiza kuti ndikatero, kenako n'kupeza ufa ndi yunifolomu, ndamaliza udindo wanga. Koma sabata yatha aphunzitsi ake anandiitana n'kundiuza kuti mwanayu wakhala akulira yekha kuseri kwa kalasi kwa miyezi iwiri, ine osadziwa kanthu. Madzulo ake nditamufunsa, ndisanamve n'komwe yankho lake, ndinamugwira dzanja kuti tipemphere. Anachotsa dzanjalo mwaulemu n'kunena kuti, “Amama, mumauza Mulungu za ine tsiku lililonse, koma ine simunandifunsepo kuti ndikumva bwanji.” Mawu amenewa andisowetsa tulo.

Ife tinakula tikudziwa kuti zakukhosi mwana wamkazi amakauza azakhali kapena agogo pamoto usiku, osati mayi ake, ndipo mwambowo sindiunyoza chifukwa unandilera bwino. Koma agogo ake ali kumudzi ku Chadiza, ndipo timaonana nawo pa Khirisimasi kapena pamaliro basi. Malo amenewo atsala opanda munthu.

Nkhani ya Marita ndi Mariya ndaiphunzitsa kwa amayi anzanga kangapo konse, koma tsopano ndaona kuti kunyumba kwanga Marita ndine. Pamaso pa Ambuye ndimatha kukhala chete ola lathunthu, pamene mwana wanga akangoyamba kulankhula ndimamudula mawu ndi vesi kapena uphungu, maganizo ali pa katundu wa mawa.

Chonde ndithandizeni. Ndiyambire pati kuti andikhulupirire, popeza ndimafika kunyumba dzuwa litalowa, nditatopa kwambiri? Kodi n'koyenera kuti kholo lipepese kwa mwana wake? Nanga pemphero la madzulo ndilisinthe motani kuti lisakhale njira yotsekera mwanayu pakamwa? Za bambo ake sitinakambiranepo chiwaikireni m'manda, ndipo ndikuopa kuti ndikatsegula nkhaniyo ndiyamba kulira ndine.

Ine mayi wodandaula,
Chipata