Lipoti la msonkhano wa akonzi a mawiki: mitu ya masamba a maadiresi opeka

A Wapampando, a Mlembi ndi anzanga nonse a m'gulu lathu lolemba masamba m'Chichewa, landirani moni. Munandituma kuti ndikakuimirireni pa msonkhano wa akonzi a mawiki (mawebusaiti amene anthu ambiri amalemba ndi kukonza limodzi) a masewera apakompyuta umene unachitika pa intaneti Loweruka lapitali. Ndinapita, ndinalankhula m'dzina lanu, ndipo zimene ndabwera nazo ndi izi.

Tinakhala pafupifupi maola atatu. Chapakati magetsi anazima kwathu kuno netiweki n'kuduka, koma mnzathu wina wa ku Lusaka ananditumizira zimene analemba panthawiyo, choncho palibe chimene chinatidutsa. Nkhani ya zithunzi ndi ya anthu owononga masamba zinatha mwachangu ndipo sizikusintha kalikonse pa ntchito yathu. Imene inadya nthawi ndi iyi: tsamba lofotokoza webusaiti imene kulibe, imene inangopekedwa m'masewera kapena m'sewero, lizipatsidwa mutu wotani?

Kwa inu amene simusewera masewerawa, ndifotokoze kaye. Mu Grand Theft Auto IV, ya kampani ya Rockstar Games, imene inatuluka mu 2008, munthu amene ukumuyendetsa amatha kulowa m'kafe ya intaneti, kukhala pa kompyuta n'kumatsegula mawebusaiti a m'dziko la masewerawo. Tsamba limene limayamba kutseguka ndi eyefind.info. Mu Grand Theft Auto V ya 2013 muli Lifeinvader, imene anaipeka ponyogodola Facebook. Mawebusaiti otere alipo ambiri, ndipo akonzi amafuna kuti iliyonse yodziwika ikhale ndi tsamba lake.

Vuto limayambira pa pulogalamu ya MediaWiki, imene Wikipedia ndi mawiki ambiri amayendera. Pa intaneti yeniyeni, dzina la webusaiti silisiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono: ulembe EYEFIND kapena eyefind, ukafika pamalo amodzi. MediaWiki sichita choncho. Chilembo choyamba cha mutu imachikuza yokha, koma zilembo zotsatira imazitenga monga momwe wazilembera. Ndiye mkonzi mmodzi akalemba Eyefind.info, wina EyeFind.info, wina Www.eyefind.info, wina n'kungoti Eyefind, chinthu chimodzi chimakhala ndi masamba anayi, lililonse ndi theka la nkhani. Wowerenga akapeza limodzi amaganiza kuti ndi zokhazo zimene zilipo. Ife masamba athu akadali ochepa, ndipo n'chifukwa chake ndinamvetsera kwambiri: kuwongola mtengo ndi pamene uli waung'ono.

Mfundo yoyamba sinavute. Mutu usayambe ndi http:// kapena https://. Apa si nkhani ya kukonda kwa munthu: MediaWiki ikaona zilembo zimenezi imatenga linkiyo ngati yotuluka kunja kwa wiki, ndipo tsamba lotere simungalilumikize bwino ndi anzake. Palinso zizindikiro zimene pulogalamuyi imakana m'mutu, monga # ndi < ndi > ndi | komanso mabulaketi a makona, ndipo kamzere kapansi imakawerenga ngati mpata. Adiresi yopeka ikakhala ndi chimodzi mwa izi, mutu uzilembedwa popanda chizindikirocho, kalembedwe kake kenikeni n'kuonekera m'chiganizo choyamba.

Mkangano unabuka pa www. Ena anati wiki ndi mboni, iyenera kulemba ndendende chimene chikuoneka pa sikirini, ndipo ngati masewera alemba www ifenso tilembe. Maganizo amenewa ndimawalemekeza, chifukwa nafenso timadandaula anthu akamasintha mayina a malo athu kuti awakomere pakamwa. Koma bambo wina amene wakhala akukonza mawiki kwa zaka zambiri anatikumbutsa za mndandanda wa masamba. MediaWiki imasanja mitu potsata zilembo, ndiye mitu yonse ikayamba ndi www, yonse imaunjikana pansi pa W, ndipo wofufuza akalemba zilembo zoyamba za dzina limene akulikumbukira sapatsidwa tsamba limene akufuna. Ine ndinavotera kuchotsa www, ndipo ambiri anatero. Tinagwirizana kuti mutu uzikhala dzina, kadontho ndi mathero ake, monga Eyefind.info, ndipo kalembedwe kena kalikonse kamene munthu angakaganizire kakhale tsamba longolozera ku mutu weniweniwo. Pamene adiresi iyenera kuoneka ndi chilembo chaching'ono poyamba, pali lamulo la DISPLAYTITLE limene limasintha maonekedwe a mutu popanda kusuntha tsamba.

Tsopano mfundo imene ndaiona kuti ndi yolemera kuposa zonse, ndipo ndikupempha kuti tiikhazikitse ngakhale zina titazikana. Adiresi yopeka isakhale linki yodinika, m'mutu kapena m'kati mwa nkhani. Chifukwa chake n'chakuti adiresi imakhala yopeka m'masewera mokha. Kunja kuno aliyense amene ali ndi ndalama atha kuilembetsa n'kuikapo chimene akufuna. Nthawi zina eni masewera amatero okha: Rockstar inatsegula lifeinvader.com yeniyeni pa intaneti potsatsa masewera ake. Koma dzina la webusaiti sagula kwamuyaya, amachita kulipira chaka ndi chaka, ndipo malipiro akaleka dzinalo limabwerera pamsika. Amene angalitole atha kukhala kathyali wofuna mapasiwedi a anthu kapena woika mavairasi. Ndinawauza kuti owerenga athu ambiri amatsegula masamba pa foni, ena pa foni yobwereka, ndipo ambiri ndi achinyamata. Mwana akaona linki pa tsamba la Chichewa amakhulupirira kuti akuluakulu amene analemba anaiyendera kale. Tikamutumiza kwa akuba ndi dzanja lathu, mlandu ndi wathu. Njira yake ndi yosavuta: MediaWiki siisandutsa adiresi kukhala linki ngati palibe http patsogolo, ndipo pamene tikufuna kuonetsa adiresi yonse tiziikuta ndi nowiki, lamulo loletsa pulogalamuyi kuisandutsa linki.

Pamenepa mayi wina anatibweretsera mbiri imene inandisangalatsa. Opanga mafilimu a ku America anakumana ndi vuto lomweli pa manambala a foni, ndipo manambala oyambira 555-0100 mpaka 555-0199 anasungidwa kuti azigwiritsidwa ntchito m'nkhani zopeka. Ku Britain bungwe la Ofcom, loyang'anira za matelefoni ndi mawailesi, linachitanso chimodzimodzi, mwachitsanzo manambala a London oyamba ndi 020 7946 0. Pa intaneti, chikalata cha RFC 2606 cha mu 1999 chinapatula example.com, example.net ndi example.org, pamodzi ndi mathero anayi akuti .test, .example, .invalid ndi .localhost, kuti asagulitsidwe kwa aliyense. Bungwe la IANA, loyang'anira mayina ndi manambala a pa intaneti, ndilo limawasunga. Opanga masewera sawakonda mayina amenewa chifukwa samveka ngati a webusaiti yeniyeni, n'chifukwa chake vutoli silitha. Koma ife tikamalemba masamba ophunzitsa akonzi atsopano, chitsanzo chathu chizikhala example.org. Ndaonapo ena a ife akupeka dzina lothera ndi .mw kapena .zm pofuna kuti limveke lakwathu. Tisiye, chifukwa dzina lotero mwina lili kale ndi mwini wake, kapena lidzakhala naye mawa.

Funso limene munandipatsa ndinalifunsa: kodi mayinawa tiziwamasulira? Ambiri mwa mayinawa ndi nthabwala za m'Chingerezi, ndipo wowerenga Chichewa sangaimve nthabwalayo. Yankho la onse linali lakuti adiresi simasuliridwa, monga momwe nambala ya galimoto simasuliridwa. Tanthauzo lizifotokozedwa m'chiganizo choyamba, mwachitsanzo kunena kuti Lifeinvader ndi dzina lotanthauza wolowerera m'moyo wa ena. Poyamba ndinali ndi mtima wofuna kumasulira, koma ndinakhutira: amene waona dzinalo m'masewera adzalifufuza monga momwe analionera.

Chimodzi anachisiyira chilankhulo chilichonse kuti chidzisankhire. Pamene adiresi yopeka ikufanana ndi webusaiti yeniyeni, kapena pamene masewera awiri ali ndi adiresi imodzi, mutu uzikhala ndi mawu osiyanitsa kumapeto. Ine ndikupereka maganizo akuti tizilemba motere: Lifeinvader.com (webusaiti yopeka). Mnzathu wa ku Lusaka uja anati kwawo mawu akuti yongoyerekeza angamveke msanga kuposa yopeka. Sindinafune kumanga gulu lonse pa mawu amene simunawamve, ndiye ndinawauza kuti tiwayankha tikakumana.

Choncho pa msonkhano wathu ukubwerawu ndikupempha a Wapampando kuti tiike nkhani ziwiri pa ndondomeko: tivote pa mawu osiyanitsawo, ndipo tivomereze lamulo loletsa malinki odinika. Ndikupemphanso anthu awiri odzipereka kuti tidutse limodzi m'masamba amene tinalemba kale, tichotse www m'mitu, tipange masamba olozera ndi kukuta maadiresi onse opeka ndi nowiki. Ine nditenga masamba oyamba ndi A mpaka H, ndipo ndiyamba Lolemba madzulo.