Kalata yopita ku Johannesburg yokhudza chibaba cha mowa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ife kuno ku Zomba tili bwino. M'kalata yanu munadandaula kuti mng'ono wanu amalumbira kuti wasiya kachasu koma sabata isanathe amapezekanso ku shabini, ndipo munafunsa ngati amatero mwadala. Musanamuimbirenso foni yomukalipira, imvani zimene akatswiri a ubongo anapeza.

Mu 1954, James Olds ndi Peter Milner a pa yunivesite ya McGill ku Canada analowetsa timawaya mu ubongo wa makoswe, kotero kuti khoswe akadinda kachitsulo, magetsi ochepa ankafika pamalo ena mkati mwa ubongowo, ndipo makoswewo ankadinda mobwerezabwereza osatopa. Patapita zaka zinadziwika kuti malowa amadalira kwambiri dopamine, mankhwala achilengedwe a mu ubongo amene minyewa imagwiritsa ntchito potumizirana uthenga, ndiponso kuti mowa, chamba, fodya, cocaine ndi heroin zonse zimamuchulukitsa m'dera la ubongo lotchedwa nucleus accumbens.

Chimene chandigwira mtima ndi chimene Terry Robinson ndi Kent Berridge a ku Michigan anafotokoza mu 1993, chakuti kufuna chinthu ndi kukomedwa nacho zimayenda njira zosiyana mu ubongo, ndipo dopamine amakoleza kufunako. Munthu angafike poti mowa sukumukomeranso, ukungomuchititsa manyazi pamaso pa ana ake, koma chibaba chokha chikukulirakulira. Ubongo umakhala utaloweza zonse zimene zimatsogolera kumwa, monga fungo, kanjira ka ku shabini, anzake omwa nawo, ngakhale ndalama zikangofika m'manja, moti zimenezi zimadzutsa chibaba munthu asanaganize n'komwe. N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti mng'ono wanu polumbira sanama.

Nora Volkow, katswiri wa ubongo wa ku America, ndi anzake, pojambula ubongo wa anthu omwerekera, anaona kuti mbali yakutsogolo, imene imathandiza munthu kudziletsa, imafooka. Mbaliyi imamaliza kukhwima munthu akamayandikira zaka 25, pamene mng'ono wanu, monga mukudziwa, anayamba kumwa ali ku sekondale. Komabe mu 2001 gulu lomweli linasonyeza kuti mwa anthu amene anasiya mankhwala osokoneza bongo otchedwa methamphetamine kwa nthawi yoposa chaka, ubongo unayamba kubwerera mwakale, ngakhale osati kwathunthu.

Chenjezo langa n'lakuti munthu womwa kwambiri tsiku lililonse asamasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa angathe kunjenjemera, kubwebweta, kugwa ngati wakhunyu, mwinanso kumwalira. Ayenera kuonana ndi adokotala, ndipo chipatala cha Zomba Mental tili nacho pafupi, ngakhale ndikudziwa kuti dzinali limaopsa ambiri. Mng'ono wanu akavomera, ndidzamuperekeza pamodzi ndi amayi. Pakadali pano ndalama za mwezi uno mutumize kwa amayi, osati pa foni yake.

Ndine mnzanu wa ku Zomba.