Kalata kwa mwana wanga wa ku Bradford, ku England: za ulusi wobwera mwezi ndi mwezi

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko, iwe, bambo a kunyumba ndi mdzukulu wanga. Kuno tilipo, kungoti miyendo ya abambo ako ndi yomwe ija, ndipo kuzizira kwa Dedza kwayamba kale kulowa m'mafupa. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni umandiseketsa, nkhani n'kuthera m'malere, ine n'kugona ndi mawu amene ndimafuna kukuuza.

Ndamva za ulusi. Usavutike kufufuza amene wandiuza. Akuluakulu amati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndiye ngati ndamva zokhota undikonze. Koma ndamva kuti unalembetsa m'magulu awiri a anthu onyika ulusi pamanja, ndipo mwezi uliwonse amadula okha ndalama kuakaunti yako, mapaundi 20 uku, mapaundi 20 uko, n'kukutumizira mpukutu wa mtundu umene iwo akusankhira. Ndamvanso kuti chaka chatha unagula bokosi lija la timipukutu 24 totsegula kamodzi patsiku mu Disembala, pamtengo wopitirira mapaundi 100. Nditamva ndinabwereranso pa chithunzi cha mwana chimene unatumiza pa WhatsApp, ndipo kumbuyo kwake ndinaona mabokosi apulasitiki osanjikizana mpaka pawindo. Poyamba ndinkayesa zovala za mwana. Nditachikulitsa ndinaona kuti ndi ulusi wokhawokha, wosamasula n'komwe, mapepala ake akadali omangirira.

Tawerenga nane. Mapaundi 40 pamwezi ndi mapaundi 480 pachaka. Kuphatikiza bokosi la Disembala lija, watsala pang'ono kufika 600. Ndi mausiku angati amene umakhala chilili kuwodi kuti upeze ndalama imeneyo? Mwezi wa Febuluwale unandiuza wekha kuti bilu ya gasi yakusowetsa tulo ndipo mumayatsa hita m'chipinda cha mwana chokha. Ndinadandaula usiku wonse, osadziwa kuti ndalama zina zikutuluka pakhomo lomwelo mwakachetechete.

Usaganize kuti ndikudana ndi kuluka. Ndingadane nako bwanji ine amene ndinakuika singano m'manja? Masokosi amene unatumizira abambo ako ndinawatembenuza, ndinayang'ana mkati ndi kunja, ndipo mtima wanga unadzaza. Chidendene unachipinda bwino kwambiri, palibe kabowo pamene masitichi amakumana, ndipo kuzala unatseka mosaoneka msoko, moti chala sichimva kanthu. Ine chidendene choterocho ndinachidziwa ndili ndi ana kale. Abambo ako amawavala kutchalitchi, ndipo akakhala pansi amakweza dala thalauza kuti anzawo a m'bwalo aone. Ndinapita nawo ku Chigwirizano, amayi n'kumapatsirana m'manja, ena osakhulupirira kuti ndi ntchito ya manja. Singano zoonda ngati zimenezo, za mamilimita 2.5, masitichi oposa 60 kuzungulira mwendo, si aliyense angapirire. Luso uli nalo, mwana wanga, ndipo ndikudziwa kuti ukaweruka kuntchito ija yosamalira odwala, kuluka ndiye kumakupumitsa mutu. Dziko la eni, dzuwa lolowa 4 koloko m'nyengo yozizira, munthu amafuna chogwira m'manja. Zimenezo ndikuzimvetsa.

Chimene chikundiopsa ndi ndalama yotuluka yokha iwe usanaganize. Mpukutu wa magalamu 100 umakhala ndi ulusi wotalika pafupifupi mamita 400, ndipo umakwana masokosi a munthu wamkulu, miyendo yonse iwiri. Iwe ndi mashifiti akowo, ndi mwana wamng'ono, ungamalize peyala imodzi pamwezi? Ukalimbikira mwina. Nanga ulusi ukubwera mipukutu iwiri mwezi uliwonse, winawo ukupita kuti? Ukupita m'bokosi. Mwezi wamawa winanso m'bokosi. Manja ali ndi liwiro lake, ndipo positi ikuthamanga kuposa manja ako. Ukati gulu, ine ndimaganiza za chipereganyu chathu: timasonkha mwezi ndi mwezi, koma tsiku limafika loti ndalama yonse igwere m'manja mwako, ugule malata. Gulu lakoli tsiku lotero lilibe.

Sindikunena kuti anthu onyika ulusiwo ndi akuba, ayi. Ambiri ndi amayi ngati iwe, amanyikira kunyumba kwawo, m'mapoto, mipukutu yochepa nthawi imodzi, ndipo ntchito yotero iyenera kulipidwa bwino. Iwo akufuna kudziwiratu kuti mwezi uno agulitsa zingati, n'chifukwa chake amakonda olembetsa. Ndi nzeru za malonda, ndipo kwa iwo ndi zabwino. Koma iwe unapita kumeneko kukagwira ntchito ya pakhomo pako. Ukaufunadi ulusi wokongola wa munthu wina, dikira, usunge ndalama, ukagule mpukutu umodzi umene maso ako aona ndi manja ako akhudza, ukudziwa kale mwendo umene udzavale. Ku Skipton si kutali ndi kwanu, ndipo chionetsero cha ulusi chija cha Yarndale chimachitika mu Seputembala. Pita ndi ndalama yowerengeka m'thumba, khadi usiye kunyumba.

Ukukumbuka juzi yofiira ija? Ndinaigula pa kaunjika, yaikulu ngati ya munthu wonenepa wa ku Ulaya, yobooka pachigongono. Ndinayamba ndaitembenuza kuona msoko, chifukwa juzi yodulidwa ndi makina m'mbali imangotulutsa tizidutswa, pamene yolumikiza bwino imamasuka ulusi umodzi kuchokera kukhosi mpaka m'chiuno. Tinaimasula madzulo pakhonde, iwe utatambasula manja ine ndikukulunga, ukudandaula kuti mikono yatopa, ndikakuuza kuti upume n'kukana poopa kuti mng'ono wako akulanda malo. Ulusi unali wopotanapotana. Tinauviika m'madzi ofunda pang'ono, osaufikisa, n'kuupachika pamthunzi titamangirira kabotolo ka madzi kumunsi kuti uwongoke. M'juzi imodzi ija munatuluka juzi yako yakusukulu, chipewa cha mng'ono wako, ndi timasokosi ta mwana wa azakhali ako. Unaivala mpaka manja anafika m'chigongono, ndiye ndinamasulanso kumapeto n'kuonjezera ndi ulusi wabuluu. Anzako ankayesa ndi fashoni.

Ndiye ndikamva kuti umauza anthu kuti ulusi wa gululo ndi wosamalira chilengedwe, ndimadabwa. Tawerenga pepala lomangirira mpukutu umodzi. Ulusi wambiri wa masokosi ndi magawo 75 ubweya wa nkhosa, magawo 25 nayiloni, ndipo nayiloni ndi pulasitiki. Amaikamo kuti chidendene chisathe msanga, ndipo ine sinditsutsa, sokosi yolimba ndi yabwino. Ubweya wofewa uja wa merino nthawi zambiri umachokera kutali, ku Australia, ku South America kapena ku South Africa, ndipo kuti uzichapika m'makina osafota amautsuka ndi mankhwala a klorini n'kuukuta ndi kautomoni kopyapyala. Kenako envelopu, galimoto ya positi, mwezi ndi mwezi, kudzangogona m'bokosi lapulasitiki. Chilengedwe chapindulapo chiyani pamenepo? Chinthu chogulidwa koma chosagwiritsidwa ntchito chawononga madzi, utoto ndi mafuta pachabe, ngakhale pepala lake litalembedwa mawu okoma bwanji. Komanso ubweya ukakhalitsa umaitana njenjete. Tsegula mabokosiwo uone, mwina zayamba kale kudya ndalama zako.

Chondipweteka china n'chakuti ukukhala pakati penipeni pa nkhosa. Bradford inatchuka padziko lonse chifukwa cha ubweya. Pamene ndinabwera kudzakuthandiza chikuta unandionetsa chifakitale chachikulu chija cha ku Saltaire, ndi nkhosa zili mbuu m'mapiri, makoma amiyala akuzungulira. Bungwe la British Wool, logulitsa ubweya wa alimi, likulu lake lili mumzinda wanu momwemo. Unandiuza wekha kuti alimi akumeneko amadandaula kuti ndalama ya ubweya nthawi zina siikwana n'kulipira wometa nkhosa. Ku Keighley, pafupi pomwepo, West Yorkshire Spinners amapota ulusi wa masokosi wa ubweya wa nkhosa za ku Britain, ndipo mtengo wake sufika pa wonyika pamanja. Ngati mtima wako uli pa chilengedwe ndi pa alimi, bwanji osayambira pamenepo? Koma ngakhale umenewo usagule tsopano. Tsopano usagule ulusi uliwonse.

Mashopu aja a zinthu zakale, a Oxfam ndi anzawo, amene tinkalowa ukundiseka kuti ndapeza kaunjika wa azungu, muli majuzi a ubweya weniweni, muli singano, nthawi zina ngakhale mipukutu imene ena anagula n'kulephera kuluka. Taganiza, mipukutu ya anthu amene anachita zomwe ukuchita iwezi. Ukafuna mitundu, makoko a anyezi amene umataya amapereka chikasu chokongola pa ubweya woyera, ndipo nthanga za mapeyala zimapereka mtundu wofiirira ngati duwa. Mdzukulu wanga angakondwe kuona poto akusintha mtundu. Koma izi ndi za m'tsogolo, mabokosi akatha.

Ndipo uziphunzira kusoka pobooka. Masokosi oluka pamanja satayidwa chifukwa cha chidendene. A abambo ako aja ayamba kupyapyala pansi pa chidendene chakumanja, poti amaponda mokokera mwendo umenewo. Sindinadikire kuti abooke. Ndinalowetsa babu lakufa mkati kuti pakhale polimba, n'kuyendetsa ulusi mizere yoimirira, kenako yopingasa, kulowa pansi kutuluka pamwamba, mpaka pamalopo panalimba. Ulusi wake sunafanane, koma uli kunsi kwa phazi, ndani akuona? Ukamatumiza masokosi ena uziikamo kaulusi kotsala kuti ndizisokera kofanana. Zotsala zonse usataye, zimalukika masokosi amizeremizere a mwana.

Pali funso limene ndikufuna undiyankhe moona. Bambo a kunyumba akudziwa kuti ndalama zimenezi zikutuluka? Ndamva kuti maphukusi ena umatumizira kwa mnzako uja wa kuntchito, amene anakulowetsa m'gululi, n'kumabwera nawo m'chikwama. Ngati ndi zoona, mwana wanga, pamenepo ndiye pandiwawa kuposa mapaundi. Ulusi si mowa, si juga, ndikudziwa. Koma chinthu ukayamba kuchibisa kwa mwamuna wako, ndiye kuti mtima wako wakuuza kale kuti chapitirira muyeso. Munthu uja ndi wofatsa, amagwira ntchito usiku kuti mulipire lendi. Muuze wekha asanaone yekha pa pepala la kubanki. Adzakhumudwa tsiku limodzi, zidzatha. Mnzakoyo sindikumuda, sindimudziwa, koma iye mwina alibe mwana, alibe chiphaso chokhalira m'dziko chofuna ndalama zambiri pochikonzanso, alibe puloti yosamanga kumudzi. Iwe zonsezi uli nazo. Usayeze thumba lako ndi la mnzako.

Usaganize kuti ndikulemba chonchi kuti ndalamazo uzitumiza kuno. Ife tikudya. Chimanga tinakolola, mbatatesi ikugulika, ndipo zimene umatumiza zimatikwana ngakhale zinthu zinakwera kwambiri chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndikufuna ndalamayo ikhale yako, pamalo pamene ungaipeze tsiku loipa. Ntchito ya m'dziko la eni imatha m'mawa umodzi, malamulo a ziphaso amasinthasintha, ndipo tikiti ya ndege yobwera mwadzidzidzi kumaliro sadikira kuti ugulitse ulusi. Njerwa zako zija zili papuloti mvula yachitatu tsopano, udzu wamera pamwamba. Abambo ako akadutsa pamenepo sanena kanthu, koma ndimawaona.

Ndiye chita izi. Alembere eni magulu onse awiri mwaulemu, uwathokoze, uwauze kuti ukusiya, ndipo uonetsetse kubanki kuti kudula kwaima. Usanene kuti mwezi wamawa, poti mwezi wamawa adzaonetsa mtundu wina wokongola ndipo udzati womaliza. Bokosi la Disembala chaka chino ayi, ngakhale atayamba kulengeza msanga kuti atsala ochepa. Tulutsa ulusi wonse, uuyale pabedi, uuwerenge, ulembe papepala mpukutu uliwonse ndi dzina la amene adzavale. Umene sukuukonda, poti sunasankhe wekha, ugulitse kwa anzako oluka kapena usinthanitse. Mapaundi 40 aja apitirize kutuluka tsiku lomwelo la mwezi, koma azilowa kuakaunti yosungira.

Pamndandandawo undiikepo. Phazi langa ukulidziwa, nambala 6, ndipo ndikufuna ofika pakatumba chifukwa m'mawa wa Julayi kuno sukhululuka. Agogo ako akufunanso, awo uwalukire omasuka kukamwa poti miyendo imatupa. Ukamaliza amenewo, amayi a ku Chigwirizano amapita kukaona ana obadwa masiku osakwana kuchipatala, ndipo tizipewa ndi timasokosi timasowa nthawi zonse. Ulusi wofewa ngati wakowo ungawathandize kwambiri.

Ndiyankhe kalatayi, ndipo undiuze tsiku limene wasiya. Usakwiye nane, ndakubala ndine. Upereke moni kwa bambo a kunyumba, umupsompsone mdzukulu wanga, ndipo uzimuveka chipewa potuluka. Abambo ako akupereka moni, akuti mankhwala opaka m'mawondo aja atsala pang'ono kutha.

Ndine mayi ako wokukonda.